Pachipsera Pomwepo

Muzna, woboola makutu ndi milomo pasitudiyo ina ku Metangula, anaika kadontho ka inki pamlomo wam'munsi wa Lea, n'kumupatsa kalilole.

Lea anapukusa mutu. "Mwalambalala chipsera, mana, mchemwali wanga. Ikani pomwepo."

"Pachipsera mnofu ndi wolimba. Pamapweteka kwambiri, komanso pamachedwa kupola."

"Ndikudziwa mmene pamapwetekera."

Kwa zaka zitatu, amayi oyanika nawo usipa ku Chiwanga akamufunsa za chipseracho, Lea ankati anagwera pabwato. Onse ankalidziwa dzanja la Samsoni, mwamuna wake wakale, koma ankangoti pepani.

Muzna anafufuta kadontho kaja, n'kuika kena pakati pa chipsera. Anavala magolovesi, natsegula singano yatsopano.

"Kokani mpweya. Tulutsani."

Singano inalowa kunsi kwa mlomo n'kutulukira pamwamba. Misozi inatsika yokha, koma Lea sanagwedezeke. Muzna atalowetsa kachitsulo, timipira tiwiri tinanyezimira pakalilole, kena pamwamba, kena pansi.

"Akakufunsani kumudzi mukanena chiyani?" anafunsa Muzna.

Lea anayankha pang'onopang'ono, mlomo utayamba kutupa. "Ulendo uno ndikanena zoona. Ndachita kufuna ndekha."