Kaselo Kapakati

"Amayi, tabwerani muone ntchito yanga," anatero mwana wawo wasayansi, poopa kuti angokhala duu m'labu mwake mofufuziramo mpaka nthawi ya basi. Chikwama cha mayi ake chinali pakhomo. Mkazi wake anali atanena kuti watopa kusamala apongozi, achimwene ake ankati nyumba yawo ndi yaing'ono, mlongo wake sankayankha foni. Mapeto ake anagwirizana zowabweza kumudzi.

Mayiwo anayandikira pakompyuta akukoka mwendo.

"Awa ndi maselo a khungu, amoyo. Mukuona mmene afolera? Amaloza mbali imodzi ngati tinthu ta m'galasi la foni yanu, tija si madzi si mwala. Ine ndimafufuza pamene mizere yasemphana."

Analoza ndi chala. Pamenepo maselo ena ankakankhira kumanja, ena kumanzere, ndipo kaselo kamodzi kapakati kanafinyika mpaka kanatuluka mumzere.

"Kameneko kakupita kuti?" anafunsa mayiwo.

"Kakukafa. Khungu limadzikonza choncho."

"Kanadwala?"

"Ayi, ndipo n'zimene tatulukira ifeyo. Kalibe vuto lililonse. Kangopezeka pamalo pamene anzake sakugwiriza..."

Sanamalize. Anayang'ana makiyi agalimoto amene anali m'manja mwake.

Mayiwo anayang'anitsitsa mpata uja ukutsekeka pang'onopang'ono, mpaka osaonekanso kuti panali kanthu.

"Pamatsekeka bwino ndithu," anatero. "Uli ndi ntchito yabwino, mwanangu."

Anawerama n'kunyamula okha chikwama chija.

"Tiye, basi ingandisiye."