Ulusi Wapansi

"Mwamalizanso ulusi wapansi, alamu," anatero telala, akukweza siketi yomwe ankati wasoka. Singano inali itangoboola timabowo, nsalu osagwirana.

"Ulusi ndi wosokera, si wosunga," anayankha mlamu wakeyo, osatembenuka n'komwe.

Aka kanali kachinayi sabata imodzi. Amayi awiriwa ankasinthana makina amodzi, ndipo mlamuyo akasoka masana ankasiya bobini ya ulusi wapansi ilibe kanthu.

Telala analuma mano. Pansi pa kabati panali ulusi wakalekale, wooneka bwino koma woduka ukangoukoka ndi zala ziwiri. Anaukulunga pa mabobini atatu.

"Lero ndakudzazirani," anatero mokoma. "Malizaninso."

Masiku atatu makina analira masana onse. Telala ankamwetulira yekha, akuona kale kasitomala wa mlamu wake akubwera atagwira kumbuyo, akulalata msewu wonse.

Loweruka m'mawa, telala akukonzekera ukwati wa mwana wake wamkazi, mlamu uja analowa kuchipinda atanyamula diresi yobiriwira, yogwira thupi.

"Ulusi wanu unkathera apa, alamu. Ndimafuna ndikudzidzimutseni."

Achibale anaomba m'manja. Mwamuna wa telala anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Vula yakaleyo, usamuchititse manyazi mchemwali wanga."

Anavala. Inamukhala ngati anabadwa nayo.

Tsiku lonse mayi wa mkwatibwi sanavine, sanawerame, sanaseke, ndipo ankapuma pang'onopang'ono. Anthu ankanong'onezana kuti mayiyo sakumufuna mkamwini.