Nungu Afuna Mboni

Padangokhala nyama zomwe zinkalemba buku lalikulu lofotokoza zonse za m'nkhalango. Mbewa anapatsidwa tsamba lonena za buku loopsa limene Nsato analemba, la mlendo womeza omulandira.

Mbewa analemba kuti, "Bukuli ndi loopsa, ndipo mlembi wake amameza opita kukamumvera akuwerenga."

Nungu, mkonzi wamkulu, anazula munga wake n'kukhwatcha mzerewo. "Awa ndi maganizo anu, mayi. Mboni ili kuti?"

"Mboni, bambo? Amuna anga anapita kukamvera, mpaka lero sanabwere!"

"Ndiye abwere adzanene okha. Muno sitilemba zongomva."

Mbewa akalemba, Nungu ankakhwatcha, mpaka pepala linabooka. Potsiriza panatsala mzere umodzi waulemu: "Ena bukuli sanalimalize."

Nyama zitawerenga mzerewo, chidwi chinazigwira. Zinabereka ana, ulendo kwa Nsato, ndipo sizinabwerere.

Mbewa anathamangira kwa Nungu. "Mudzi wonse watha! Tsopano mulemba kapena ayi?"

Nungu anayang'anitsitsa tsambalo, n'kubwezera munga pamsana. "Palibe ndi mmodzi yemwe wabwera kudzadandaula, mayi. Tsambali lili bwino."