Fosholo ya Padenga

"Tsitsani fosholo ija tikumbe," mayi anauza mwamuna wake, matope atamufika m'mawondo.

Bamboyo anangoyang'ana kumbali. Pikapu yawo inali itatitimira panjira ya kumunda, chonsecho mwezi wathunthu ankadzitama kuti waisandutsa galimoto yam'tchire. Anaiveka matayala akuluakulu akutha, nyali zinayi zopanda mawaya, chitsulo chakutsogolo chodula ku bedi lakale la apongozi, ndi fosholo yofiira padenga.

"Bambo a ana, ndati fosholo."

"Singachoke imeneyo."

"Chifukwa?"

"Ndinauza wowotcherera kuti aiwotcherere konko. Akuba achuluka masiku ano."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zake zoyera, n'kutsonya. Kenaka anagwada n'kuyamba kupala matope ndi chivundikiro cha poto.

Amayi atatu ochokera kumunda anaima, makasu paphewa, akutsinana.

"Koma alamu, galimoto mwaiveka!" anatero mmodzi. "Mpaka fosholo!"

Bamboyo anawala nkhope. Anakwera kumbuyo, natulutsa kampango, n'kupukuta kadontho ka matope kamene kanagwera pafosholopo.

"Yatsopano imeneyi, mayi," anatero monyadira. "Sinakhudzepo dothi."