Makalata a Idwal Ankafika

M'mawa, mvula ikuwaza, kalata yakumudzi inamupeza Idwal akusenda mbatata m'ndende ya Ajapani ku Shanghai, komwe nkhondo inamutsekereza ali paulendo.

"Wamwayi iwe, werenga mokweza timve nawo!" anatero mnzake Hopkin.

Asilikali ankang'amba kalata iliyonse ya m'Chiwelishi, chinenero cha kwawo kwa Idwal ku Wales, poti sankachimva. Choncho kwa zaka zitatu Idwal ankalembera mayi ake m'Chingerezi kuti ali moyo.

Kalatayi analemba mlongo wake: "Achimwene, makalata anu ankafika, koma amayi ankakana kuti ndiwawerengere. Ankati, 'Mwana wanga sangandiyankhule Chingerezi. Anamupha, akulemba ndi adaniwo.' Anakulirani mpaka tinawaika m'manda."

"Akuti bwanji kumudzi?" anafunsa Hopkin.

"Akuti makalata ankafika," anayankha Idwal, n'kutola mbatata ina.