Chigayo chimene Jameson anagula ku Khombedza

Panali munthu wina ku Lifuwu, dzina lake Jameson, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi cha m'ma 1952. Jamesonyu anali mkamwini pamudzi wa mkazi wake Salome. Kunkhondo ankathandiza amakaniko a malole, ndiye atabwerako manja ake sankakhazikika. Njinga yabwinobwino ankaimasula n'kuimanganso, pongofuna kuona za m'kati mwake.

Tsiku lina pamsika wa Khombedza anakumana ndi mlendo akutsatsa chigayo chakale cha injini. Mlendoyo anati chachokera ku esiteti ina ya fodya imene inatsekedwa.

"Chinangokhalitsa, koma vuto chilibe," anatero mlendoyo. "Taonani gudumu lake mmene likuwalira."

Gudumu lalikulu la injiniyo linalidi lopakidwa penti yofiira yatsopano. Jameson sanafunse dzina la munthuyo ngakhale kwawo. Anagulitsa ng'ombe zake, nabwereka ngolo, n'kubwera nacho chigayocho kumudzi.

Kwa mwezi wathunthu anaiwala munda. Anatsuka injini, anasoka lamba watsopano, anamanga chisakasa. Injini italira koyamba, iye sanakhutire. Anati ikuyenda ngati nkhalamba.

Pafupi ndi mudziwo pankakhala Che Binali, mkulu amene anagwira ntchito ya injini m'sitima ya panyanja kwa zaka zambiri. Salome ndi amene anakawaitana kuti adzaone. Che Binali anazungulira chigayocho, kenako anatola hamala n'kugogoda gudumu lija katatu.

"A Jameson, chitsulo chamoyo chimalira ngati belu. Ichi chikulira ngati mphika wong'aluka. Pentiyi anapakira kubisa mng'alu."

"Ndachiyendetsa kale, Che Binali, sichinachite kanthu."

"Nanga waya uyu mwamangiranji apa?"

Jameson anali atamanga ndi waya kachitsulo kamene kamaletsa injini kuthamanga mopyola muyezo.

"Ndikufuna liwiro. Dengu limodzi lizitha munthu asanakhale pansi."

"Wallahi, masulani wayayu, ndipo gudumuli mulitaye. Injini si njinga."

Jameson anaseka. "Za m'sitima n'zakale, akulu. Ife taona makina kunkhondo."

Che Binali anaika hamala pansi n'kumapita. Salome anayesa kumuchonderera mwamuna wake.

"Bambo a Pauline, mukadawamvera akulu aja."

"Iwe ukudziwa chiyani za zitsulo? Loweruka udzakhale woyamba kuthira chimanga, anthu adzaone kuti ndiwe mkazi wa mwini chigayo."

Loweruka m'mawa amayi anabwera ndi madengu awo n'kuima pamzere kunja kwa chisakasa. Jameson anapukusa injini, ndipo inalira. Salome anaima pambali pa gudumu, dengu lili m'manja, nayamba kuthira. Ufa unatuluka, amayi n'kululutira. Jameson atamva nthungululuzo anawonjezera mafuta.

Injini inayamba kukuwa. Nthaka inanjenjemera, mitengo ya chisakasa n'kumagwedezeka. Salome anatembenuka kuti ayankhule, koma mawu ake sanamveke. Gudumu linaphulika ngati mfuti.

Chibenthu chimodzi chinaboola denga. China chinamumenya Salome pachifuwa n'kumuponyera kunja kwa chisakasa, pakati pa madengu. Lamba anaduka, nakulunga dzanja lamanja la Jameson n'kulikokera m'zitsulo mpaka pachigongono. Mafupa anamveka kuthyoka injini isanazime.

Amayi anabalalika akulira. Jameson anasolola chimene chinatsala cha dzanja lake n'kukwawira pamene panagona mkazi wake. Magazi anali atasakanikirana ndi ufa. Anamuitana kawiri konse, koma Salome anali atapita kale.

Masiye, mlongo wake wa Salome, anathamanga kuchokera kumunda, mpini wa khasu uli m'manja. Ataona mtembowo sanafunse kanthu. Anamumenya Jameson pamsana, m'nthiti, kumaso, mpaka mano kugwa. Achibale ena anabwera ndi miyala. Jameson sanathawe ndipo sanadzitchinjirize.

"Malizani, alamu," anatero magazi akutuluka m'kamwa. "Ndamupha ndine."

Che Binali ndi amene analowa pakati. Mwala umodzi unawatema pamphumi, koma sanasunthe.

"Masiye, maliro amodzi akwana pamudzi pano. Ukamupha uyu akakunyonga, ndiye ana a mlongo wako adzawalera ndani?"

Masiye anataya mpini uja n'kukhala pansi, nayamba kulira. Che Binali anavula nsalu yawo, namanga dzanja la Jameson kuti magazi aleke, n'kumukweza pangolo kupita naye kuchipatala ku boma. Kumeneko anamudula dzanjalo. Pamaliro a mkazi wake sanakhalepo. Mlendo uja anthu anamufunafuna ku Khombedza konse, koma palibe amene ankamudziwa.

Atatuluka m'chipatala, Jameson anapeza katundu wake atamuikira panjira, kunja kwa mudzi. Ana anawatenga Masiye. Jameson anakakhala ku Salima, n'kumasesa pamsika ndi dzanja limodzi. Patapita zaka, mwana wake Pauline anakwatiwa. Jameson anayenda wapansi mpaka ku Lifuwu, koma anaonerera ukwatiwo ataima kutsidya kwa msewu, ndipo palibe amene anamuitana kuti adzakhale pansi.

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musagule chinthu kwa munthu amene simukudziwa kwawo, ndipo wodziwa ntchito akakuchenjezani, mverani, chifukwa liuma lanu amalifera ndi ena osalakwa. Mukawerenga musaisunge nokha nkhaniyi, atumizireni abale ndi anzanu, makamaka amene amakonda kuseweretsa makina.