Tsiku Limene Mavis Anakanirira M'paipi

Panali munthu wina kwathu kuno ku Yorkshire, mdala wopuma ntchito ya m'migodi, dzina lake a Clifford Haigh. Anali ndi fereti wamkazi, kanyama kotalika ngati likongwe kaja, ndipo anamutcha Mavis. Pa mpikisano wothamanga m'mapaipi panalibe womposa. Ena amati chaka china anatulukira uko mwini wake asanamalize kumulowetsa kuno. Ine ndinalipo, koma ndinaphethira.

Tsiku lina Mavis anayamba zachilendo. Ankangoyang'ana khoma, dovu lili chuchuchu, miyendo yakumbuyo akuchita kukoka. A Clifford anathamangira naye kwa dokotala wa ziweto, mayi Sutcliffe.

"Ali ndi chotupa m'kapamba," anatero dokotala. "Chimenecho ndiye chikugwetsa shuga m'magazi. Mankhwala awa muzimupatsa m'mawa ndi madzulo. Nyama pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Zotsekemera ayi. Mpikisanonso ayi."

"Mpikisanonso? Mayi, apo ndiye mwapha ine."

Anayesa kumvera. Koma Mavis ankawalavulira mankhwalawo pa malaya, ndipo chionetsero cha ziweto, kumene kumachitikira mpikisanowo, chinkayandikira.

Ku msika anakumana ndi mlendo wa kagalimoto kodzaza mabotolo obiriwira.

"Achikulire," anatero mlendoyo, "madokotala a masiku ano amangodziwa mpeni. Umu muli zitsamba zokhazokha za m'phiri. Malume anga anamwetsa hatchi yoti aikumbira kale dzenje. Kutacha inawathandiza kukwirira dzenjelo."

Mlendoyo anadontheza pang'ono pakamwa pa Mavis, amene a Clifford anabwera naye. Posakhalitsa Mavis anadzuka, msana uli khotee, kudumpha cham'mbali, kenako analowa m'mwendo wa buluku la a Clifford n'kukatulukira pakhosi. A Clifford anagula mabotolo odzaza chikwama.

Kunyumba akazi awo, a Brenda, anatsegula limodzi n'kununkhiza.

"Inu bambo, awatu ndi manyuchi. Ndakalamba ndikuphika makeke, mphuno iyi sinama."

"Ndi zitsamba. Simukuona kubiriwirako?"

"Dziwe la abakha nalonso ndi lobiriwira. Mukatunge mumumwetse."

A Clifford sanamve. Mankhwala a dokotala anawakankhira kuseri kwa shelefu. Akamumwetsa za m'botolo, Mavis ankavina kanthawi, kenako n'kugona tulo tofa nato.

"Akusunga mphamvu," ankatero.

Tsiku la chionetsero linafika. Mdani wawo wa pa mpikisano, a Norris Tordoff, anasuzumira m'bokosi la Mavis.

"Clifford, wabwera ndi fereti kapena sokosi?"

"Sokosi yomweyi ikutsuka m'maso lero, mdala iwe."

A Clifford anamumwetsa Mavis supuni yodzaza kuti akachite zoposa kale. Mavis anavina mpaka bokosi linayenda lokha. Koma nthawi yomweyo nkhumba ya wina inabooleza khola n'kugwetsa tebulo la oweruza, mudzi wonse n'kuyamba kuithamangitsa. Pamene mpikisano umadzayamba, gule wa Mavis anali atatha kalekale.

Lamulo lake ndi lodziwika: fereti akalowa, mwini wake sakhudza paipi. Ukakhudza watuluka, ndipo amakuseka kumowa mpaka chaka chamawa.

Mafereti analowa. Wa a Norris ndiye anayamba kutuluka, ndi mchira womwe. Enanso anatuluka. Paipi ya Mavis inangoti zii. A Clifford anagwada kumapeto, kuimba likhweru, kuitana mayina onse achikondi amene a Brenda sanaitanidwepo chikwatirireni.

A Brenda anasuzumira pa kazenera ka waya ka pakati pa paipiyo.

"Wagona cham'mbali. Sakugwedezeka."

"Akupumira. Ndi nzeru zake zimenezo."

"Clifford. Mukufuna riboni ya wopambana kapena Mavis?"

A Clifford anayang'ana oweruza, anayang'ana anzawo a kumowa, kenako ananyamula paipi yonse n'kuipendeketsa. Mavis sanatsike. Anali atakanirira pokhota.

A Norris anathamangira ku lole yawo n'kubwera ndi sowo.

"Paipi imeneyi ndi ya kuchimbudzi kwanga, ndinangobwereketsa," anatero. "Koma gwira uko, ndidule."

Anamutulutsa ali lobodoo ngati kansalu konyowa. Mwamwayi mayi Sutcliffe anali pafupi, akuweruza agalu. Anafika akuthamanga n'kupempha uchi. Mayi wina amene uchi wake unali utangopambana kumene anatsegula botolo, riboni ikadali pomwepo. Dokotala anapaka kadontho m'nkhama za Mavis.

"Koma mayi, paja munati zotsekemera ayi," anatero a Clifford.

"Akakomoka, kadontho n'kongomudzutsira. Koma mukamamumwetsa tsiku ndi tsiku, shuga amakwera, chotupa n'kumugwetsa pansi kuposa pamene anali. Mwamupatsa chiyani?"

A Clifford anatulutsa botolo lija m'thumba. Dokotala ananyambita pang'ono.

"Manyuchi. Ndi masamba osinja, oti abiriwire."

A Brenda anangopinda manja n'kumayang'ana mitambo.

Mavis anatsegula diso limodzi. Wina anasolola kanyama ka nkhuku m'buledi wake, Mavis anadya. Kenako anawayang'anitsitsa a Clifford, n'kuwaluma pamphuno, osasiya. Mdala uja anaimirira fereti akulendewera kumaso, misozi ikuyenderera, akuseka.

"Luma, mayi, luma. Ndalakwa ndine."

Anthu anaomba m'manja mpaka anaiwala kuti pali wopambana. Fereti wa a Norris anakamupeza m'tenti ya makeke, atalowa mpaka m'chiuno mu keke ya akazi a abusa.

Mlendo wa mabotolo uja sanaonekenso. Mavis alipo mpaka lero, wanenepa. Mankhwala ake amamwera m'dzira, ndipo mpikisano amaonerera ali m'thumba la jekete, mutu wokha uli panja ngati mlendo wolemekezeka.

Phunziro: Sikuti mankhwala alionse ovinitsa wodwala ndi ochiza. Musanamwetse chiweto chanu zitsamba za munthu wodutsa, kaonetseni botololo kwa dokotala, ndipo musataye mankhwala amene anakupatsani. Komanso akazi anu akanunkhiza n'kunena kuti ndi manyuchi, ndi manyuchi. Tumizani kwa aliyense amene ali ndi kachiweto kamene amakakonda, makamaka amene samva.